Funsani Telala: Lesi ndi Nsalu Zikakana Kugwirizana

Mwezi uno makalata ambiri abwera ndi nkhani imodzi, ya lesi, ndipo sindikudabwa. Mvula isanagwe, zinkhoswe ndi maukwati zimathithikana, moti kuno ku chigwa cha Shire palibe Loweruka la Okutobala lopanda mkwatibwi wowira thukuta mkati mwa neti. Ndikulemba ndili pakhonde la shopu yanga pa Nchalo. Usiku wathawu atentha munda wa nzimbe, phulusa lakuda likutsikabe ngati nthenga, ndipo diresi loyera la eni ake ndalifunditsa chitenje chakale. Ndasankha makalata anayi. Amene sindinakutchuleni musadandaule, ambirinu yankho lanu lili momwemu.

Funso: Mwana wanga amene ali ku Johannesburg wanditumizira tizidutswa ta lesi 24, ta makona anayi, kalikonse kukula ngati chikhatho. Akuti anatipeta pa makina a kompyuta kumene amagwira ntchito. Ndikufuna kuti tikhale pakati pa nsalu ya patebulo la kutchalitchi kwathu. Koma n'touma gwa, tina tikumata m'manja. Ndinayesa kusanjikiza tiwiri n'kusoka, polumikizirapo patupa ngati chipsera. Nditani? Mayi wa ku Bangula.

Yankho: Amayi, kuumako kusakuopseni. Lesi ya mtundu umenewu sapeta pansalu ayi. Amapeta pa kanthu konga pulasitiki kapena pepala lofewa, kamene amakatcha stabilizer, ndipo kamasungunuka m'madzi n'kusiya ulusi wokhawokha utagwirana. Mwana wanuyo anangotsukuluza pang'ono, ndiye zotsalira zinaumira mu ulusi ngati phala la chinangwa. Zikakumana ndi chinyontho, kapena ndi manja athu a kuno osasowa thukuta, zimayambanso kusungunuka. Kumatako n'kumeneko.

Musanagwire singano, gwirani beseni. Viikani tonse 24 nthawi imodzi m'madzi ofunda, osati owira, kwa mphindi 10 kapena 15, kenako tsukuluzani m'madzi ena. Ndikuti tonse nthawi imodzi chifukwa mukachapa lero 6, mawa 6, tina tidzafewa kwambiri, tina pang'ono, ndipo sitidzalingananso. Musapotokole pofinya. Yalani pathaulo, pindani, dinani ndi manja. Ine ulendo woyambawu sindichotseratu phala lonse. Kakuuma kotsalako kamathandiza kuti lesi isamathawe pansi pa singano, ndipo kadzachoka podzachapa nsalu yonse ikatha.

Za madzi ndinenepo, poti ndinu a ku Bangula mukudziwa kale. Mijigo yathu yambiri ndi ya mchere, sopo sachita thovu, ndipo ina imatulutsa madzi a dzimbiri amene amasiya chikasu pa chinthu choyera. A mu Shire ndiye ayi, ali ndi matope osaoneka m'ndowa koma ooneka pa lesi. Ngati muli ndi a pampopi, kapena a mvula amene munasunga, gwiritsani ntchito amenewo, muwasefe ndi kansalu koyera.

Tsopano chinthu chimene ambiri amachidumpha. Pezani katoni, mujambulepo masikweya olingana ndi kachidutswa kamodzi kamene kanauma bwino, muphimbe katoniyo ndi jumbo yoonekera mkati kuti utoto wake usalowe mu lesi. Kachidutswa kalikonse kakadali konyowa, kayaleni pasikweya pake, mukabaye ndi mapini m'makona ndi m'mbali, kaume pamthunzi. Mapini akhale osachita dzimbiri. Tikauma tonse tidzakhala ana a mimba imodzi, ndipo kulumikiza kudzakhala ngati kuyala njerwa za chikombole chimodzi.

Chipsera chija chabwera chifukwa munasanjikiza. M'mphepete mwa lesi yotere muli kale mzere wokhuthala wa ulusi, ndiye mukaika wina pamwamba pa unzake mwapanga mtumbira. Tizidutswa timangogundana milomo, osakwerana, osasiyanso mpata. Kenako mumasoka zigizagi, ija imayenda ngati msewu wotsika phiri kuchoka ku Blantyre kukafika pa Thabwa: singano ibaye kumanzere m'kachidutswa aka, kumanja m'kachidutswa ako. Mulifupi mwake mukhale mamilimita 2.5 mpaka 3, kutalika kwa msoko milimita imodzi kapena 1.5. Singano ikhale nambala 11. Nambala 16 imene timasokera yunifolomu ndi jinzi imaboola lesi ngati chisongole. Ulusi wa pamwamba ndi wa m'bobini ukhale umodzimodzi, chifukwa lesi ilibe kuseri kobisika, diso limalowa m'mabowo. Ngati n'kotheka muuzeni mwanayo atumize ulusi womwe anapetera. Kupanda apo, tengani kachidutswa kamodzi popita kogula, mukafanizire panja padzuwa. Kuyera kulipo kwa mitundumitundu, ndipo m'sitolo zonse zimaoneka zoyera mofanana.

Yambani ndi mizere: tizidutswa 6 pamzere, mizere 4. Polumikiza mizere yaitaliyo, mangani kaye ndi singano ya pamanja pamphambano paliponse pamene makona anayi akumana, kenako sokani kuchokera pakati kupita kumapeto, mubwererenso pakati kupita mbali inayo. Mukayambira kumapeto, mzere wina umafika msanga, wina n'kutsala ndi mchira. Makina akayamba kumeza lesi m'kabowo ka pansi pa singano, yalani kapepala kopyapyala pansi pake, mudzakang'ambe mukatha. Nyuzipepala ayi, inki yake imadetsa.

Makina a zigizagi ngati mulibe, sikuti ntchito yaima. Azakhali anga amene anandiphunzitsa utelala sanawagwirepo moyo wawo wonse. Sokani pamanja, kukulunga milomo iwiriyo ndi timisoko tating'ono totalikirana mamilimita 2 kapena 3, osakoka kwambiri. Inu ndi amayi anzanu atatu, wina mzere wake wina mzere wake, masana awiri mwamaliza. Za kuika lesiyo pansalu, werengani yankho lotsatirali, ndi lanunso.

Funso: Ndine mtsikana, ndikuphunzira utelala chaka choyamba. Makina anga ndi opalasa, amasoka msoko woongoka wokha. Ndinaika lesi pakhosi la bulawuzi ya chitenje, inatuluka bwinobwino, koma mwiniwake atachapa yakwinyika ngati khosi la nkhukutembo. Wabweza, akufuna ndalama yake. Ndinalakwitsa pati? Wophunzira wa ku Ngabu.

Yankho: Mwanawe, pepa, koma mwiniwakeyo sakulakwa. Ndikuganiza kuti chitenjecho unachidula chili chatsopano, chisanaone madzi. Nsalu ya thonje, thonje lomwelo limene makolo ako amalima kumeneko, imabwerera ikachapidwa koyamba. Lesi zambiri za masiku ano ndi za poliyesita kapena nayiloni, sizibwerera. Ndiye wamanga pamodzi chinthu chofupika ndi chosafupika, chosafupikacho chilowera kuti? Chimangopindika. Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi: chitenje chiviikidwe, lesi iviikidwe, zonse ziume, zisitidwe, sizasi ibwere pambuyo. Makasitomala ena amakana, akuti chitenje chichoka kuwala kwa usitolo. Ine ndimawauza kuti kuwalako kudzachoka ndithu Lolemba likubwerali, kusiyana kwake n'koti kudzachoka pamodzi ndi khosi la bulawuzi.

Chachiwiri ndi manja ako. Lesi imatamuka, ndipo wophunzira aliyense amaikoka osadziwa, pofuna kuti igone bwino. Pansi pa makina imamvera, ikatuluka imabwerera mwakale n'kukoka nsalu. Khosi nalonso, poti ndi lozungulira, malo ena ladulidwa mopingasa ulusi wa nsalu, ndipo pamenepo limatamuka ukangoligwira. Choncho ukangodula khosi, lizungulire kaye ndi msoko umodzi woongoka, theka la sentimita kuchokera m'mphepete, lisanapite kulikonse. Kenako yala bulawuzi patebulo, osati pamwendo, uike lesi pamwamba kumaso kwa nsalu, uisiye igone mmene ikufunira yokha. Baya mapini, usoke pamanja msoko wautaliutali wongogwirizira, wa ulusi wa mtundu wina kuti udzauone pochotsa. Ndikudziwa kuti anzako pamsika amaseka munthu wochita zimenezi, amati akuchedwa. Aleke aseke. Ine mpaka lero, imvi zili mbuu, lesi sindiipititsa kumakina isanagwiriziridwe.

Makina ako usawaderere. Akuda opalasa aja, kaya ndi Singer kaya ndi Butterfly, amasoka lesi bwino lomwe. Mu Januwale 2022 namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira, anga a magetsi anakhala masiku ambiri atavala chitenje, ndipo madiresi a nyengo imeneyo anatuluka pa opalasa. Ika singano nambala 11, kapena 14 ngati chitenjecho n'chokhuthala. Msoko ukhale waufupi, timisoko 12 mpaka 15 pa inchi. Pamwamba pa mutu wa makina, moyang'anizana ndi kaphazi kopondereza nsalu, pali kachitsulo kopotokola. Kamasule pang'ono kuti kaphaziko kasamakankhe lesi kutsogolo. Soka motsata m'mphepete mwa maluwa, pamene ulusi uli wokhuthala, osati m'mabowo. Pokhota imika singano ili pansi, tukula kaphazi, tembenuza nsalu. Ukamaliza ubwereze mzere wachiwiri pafupi ndi woyambawo, ngati mamilimita 2. Mizere iwiriyo ndiyo zigizagi ya ife osauka.

Ngati mwiniwake akufuna kuti khungu lizionekera m'maluwamo, nsalu ya kuseri kwa lesi iyenera kudulidwa, ndipo apa ndi pamene ndimakhala pansi n'kuthamangitsa ana pakhonde. Tembenuza bulawuzi, udule chitenje chokha, usiye theka la sentimita kuchokera pamsoko. Pokhota cheka timipata ting'onoting'ono mpaka pafupi ndi msoko, osaudula, upindire kamlomo kotsalako kumbali ya nsalu, usite, usokenso kuchokera kumaso kuti kagone. Wa zigizagi amangodutsapo kamodzi n'kumeta zotsala.

Ndikuuze zimene zinandionekera. Chaka china, Lachisanu madzulo, ukwati uli mawa ku Chikwawa, ndinkadula nsalu ya kuseri kwa lesi ya pachifuwa cha diresi la mkwatibwi. Kunja kunkada, ine n'kumayankhanso moni wa odutsa. Ndinangomva sizasi yapepuka. Nsonga yake inali italowa mu lesi, bowo lolowa chala, pamtima penipeni. Thukuta limene ndinatuluka tsiku limenelo silinali la kutentha kwa Nchalo. Mwayi wake ndinali nditasunga zotsala. Ndinadula duwa limodzi lathunthu, n'kulisokera pamanja pabowopo, ndinadulanso lina n'kuika mbali inayo kuti zifanane. Mayi a mkwatibwi pobwera kudzatenga anati maluwa awiriwo ndiwo akongoletsa diresi. Ndinangoti zikomo, mtima uli phaphapha. Kuyambira tsiku limenelo ndimalowetsa kachidutswa ka katoni ya sopo pakati pa lesi ndi nsalu ndisanadule, ndimadula masana okha, ndi kasizasi kakang'ono, ndipo zotsala za lesi sinditaya mwiniwake asanavale.

Bulawuzi yabwezedwayo usaitaye mtima. Sula lesiyo mosamala, nsaluyo pano yabwerera kale, usite, uikenso mmene ndafotokozeramu. Usamulipitse kachiwiri.

Funso: Akazi anga anapita kumaliro, ine pofuna kuwathandiza ndinasita bulawuzi yawo ya kutchalitchi ndi simbi ya makala. Lesi ya pamkono yafota, yauma, malo ena yachita ngati shuga wopserera. Sanaonebe. Kodi ingabwerere? Bambo wa ku Nsanje.

Yankho: Achimwene, siyingabwerere. Imeneyo sinapse ngati nsalu, yasungunuka ngati jumbo, chifukwa ulusi wake ndi wa poliyesita kapena nayiloni. Auzeni lero lomwe, asadzaione Lamulungu m'mawa. Kenako pitani nayo kwa telala, asule lesi ya manja onse awiri, aike yatsopano yofanana. Si ntchito yodula.

Kusitako musaleke, mwayamba bwino. Koma lesi amasitira kuseri, itagona chafufumimba pathaulo kuti maluwa asaphwatalale, pamwamba pake mutayala kansalu ka thonje konyowa pang'ono. Simbi ya makala ilibe kopotokola, ndiye sitani kaye mathalauza ndi malaya, lesi ibwere pomaliza moto utatsika. Dinani, tukulani, dinani, osakhwekhwereza. Mukafuna kudziwa kuti lesi ndi ya ulusi wanji, sololani kaulusi kamodzi kobisika mukayatse ndi machesi. Ka thonje kapena ka rayon, ulusi wofewa wonga silika, kamayaka ngati pepala n'kusiya phulusa lofewa. Ka poliyesita kapena nayiloni kamafota n'kusiya kampira kolimba. Ndipo ikadzayamba chikasu, musathamangire mankhwala oyeretsera zovala a klorini aja. Nayiloni amaionjezera chikasu, rayon amaifooketsa. Sopo wamba, madzi ofunda ndi mthunzi n'zokwanira.

Funso: Ndasoka zaka zambiri masuti ndi mayunifolomu, koma tsopano mwana wa mlongo wanga wandibweretsera lesi yokhuthala ya mayadi 5, yopanda neti, maluwa okhaokha ogwirana, kuti ndimusokere diresi la chinkhoswe. Ndikalumikiza m'mbali ngati mmene ndimachitira ndi nsalu, maluwa akuduka pakati ndipo msoko ukuoneka ngati chingwe. Pali njira ina? Telala mnzanu wa pa Dyeratu.

Yankho: Bambo, takhuta polemba, si amuna ambiri a ntchito yathuyi amene amafunsa kwa mayi. Njira ilipo, koma muiwale kaye choko ndi rula ya masuti. Imene muli nayoyo ogulitsa amaitcha guipure kapena cord lace, ndipo ndi mkulu wake wa tizidutswa ta amayi a ku Bangula aja: anaipeta pa nsalu ina imene pambuyo pake anaisungunula. Makina aakulu opeta zoterezi, otchedwa schiffli, anawatulukira Isaak Gröbli ku Switzerland mu 1863, n'chifukwa chake mpaka lero wogulitsa akafuna kukweza mtengo amati yake ndi Swiss. Phindu lodziwa zimenezi ndi ili: duwa lililonse ndi lomangika palokha, ndipo limagwirana ndi linzake ndi timilatho ta ulusi. Mukadula timilathoto duwa silimasuka. Mukadula duwa pakati, layamba ulendo.

Ndiye msoko wa m'mbali suyenda moongoka, umazemba maluwa. Yalani patani yanu, mapepala odulira zigawo za diresi aja, pa lesi, mzere wa msoko muulembe ndi ulusi wofiira wosoka pamanja, chifukwa choko pa lesi sichikhala. Podula musatsate mzerewo. Tulukani kunja kwake, muzungulire duwa lililonse limene mzere walidutsa, litsale lathunthu. Chigawo chakutsogolo chikwere pamwamba pa chakumbuyo, mizere yofiira iwiriyo igonane ndendende. Apa kusanjikiza n'kololedwa, poti zapansizo zichoka. Gwirizirani, mumuyese mwanayo, kenako sokani motsata m'mphepete mwa maluwa a pamwamba, ndi zigizagi yopyapyala kapena pamanja. Mukatha tembenuzani, mumete maluwa a pansi amene apyola msoko. Likavalidwa, ngakhale apongozi ofufuza sapeza polumikizira. Madati, timapindo tosoka tija togwiritsa diresi thupi pachifuwa ndi m'chiuno, nawonso chimodzimodzi: dulani mozungulira duwa, kwezani mbali ina pa inzake, sokani, metani.

Njira imeneyi imadya lesi, ndiye musadule kanthu musanayale zigawo zonse. Muone kuti m'mphepete mwa lesi muli mano okongola aja. Amenewo ndiwo mpendero wa diresi ndi wa manja, lesi sapinda kunsi. Kutalika kwa diresi muyezere kuchokera pamanopo kukwera m'mwamba, ndipo mwanayo abwere ndi nsapato zimene adzavale tsikulo, chifukwa likatalika mudzafupikitsira m'chiuno, osati kunsi.

Nsalu ya mkati isokedwe payokha, ikumane ndi lesi pakhosi, m'khwapa ndi pazipi. Ambiri amathamangira satini yonyezimira poti imawala m'mabowo. Pa Dyeratu, mwezi uno, kutentha kumapyola madigiri 40, ndipo chinkhoswe sichitha ola limodzi. Ine pansi pa satiniyo, kuyambira pachifuwa mpaka m'chiuno, ndimaikamo kansalu ka thonje kopyapyala kokhudza khungu, kochapa kale. Zipi isokedwe pansalu ya mkatiyo, lesi mudzaigonetse pamwamba ndi singano ya pamanja, maluwa ake atalikire mano a zipi ngati mamilimita 3 kuti asamalumidwe potseka. Lesi yotereyi ndi yolemera, ndiye likatha musalipachike pa hang'ala, limatalika m'mapewa. Lipindeni m'nsalu yoyera, ligone m'sutikesi mpaka m'mawa wa tsikulo.